Mphambano ya Mwana wa ku Mchinji

Pamene boma la Mchinji linkatchedwa Fort Manning, munthu wodwala dzino ankatsamira khungwa ndi mizu ya sing'anga, ndipo ululu ukafika pom'soŵetsa tulo, ankayenda ulendo wautali kufunafuna mthandizi wa kuchipatala woti alizule, pakuti dotolo wa mano anali wosoŵa ngati madzi m'chilala. Mnyamata wofuna udokotala ankayenera kupita kunja kwa dziko, monga anachitira Hastings Kamuzu Banda amene anatsiriza maphunziro ake ku sukulu ya udokotala ya Meharry m'chaka cha 1937. Ndipo ngakhale sukulu ya madokotala inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, maphunziro a udokotala wa mano anadikira kufikira 2019, pamene anayambika mothandizidwa ndi yunivesite ya Glasgow.

Lero mwana wa ku Mkanda kapena ku Kapiri waima pamphambano imene makolo ake sanaione, ndipo podziŵa kuti mapanga aŵiri avumbwitsa, ayenera kusankha njira imodzi: udokotala wamba kapena udokotala wa mano. Ine mtima wanga umatsamira ku mano, chifukwa ndinawaona agogo anga akulephera kutafuna chimanga chootcha chimene analima okha.