Mmene ICD Inaphunzirira Kusiyanitsa Kuthamanga kwa Mtima Koopsa ndi Kosaopsa

Mu 1966, Pulofesa Harry Heller wa ku Israel anamwalira mwadzidzidzi ndi vuto la kagundidwe ka mtima lotchedwa ventricular tachycardia, mwachidule VT. Imfayi inamukhudza kwambiri wophunzira wake, Dr Michel Mirowski, moti anayamba kuganizira za kamakina koti kazikhala m'thupi mwa wodwala n'kumaombola mtima ndi shoko yamagetsi ukangosokonekera. Atasamukira ku Sinai Hospital mumzinda wa Baltimore ku America, anagwira ntchitoyi pamodzi ndi Dr Morton Mower. Akatswiri ena otchuka ankaitsutsa, koma pa 4 February 1980, Dr Levi Watkins anaika kamakina koyamba mwa mayi wa zaka 57 pa Johns Hopkins Hospital. Bungwe la FDA linakavomereza mu 1985. Lero makinawa amatchedwa ICD.

Atayamba kupulumutsa miyoyo, panabuka vuto lina: kodi makinawa adziwa bwanji nthawi yoyenera kupereka shoko?

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri zam'mwamba ndi ziwiri zam'munsi. Kuthamanga kochokera m'zipinda zam'munsi, ndiko VT, kumatha kupha munthu m'mphindi zochepa chifukwa zipindazi ndi zimene zimapopa magazi kupita m'thupi. Kochokera m'mwamba, kotchedwa supraventricular tachycardia kapena SVT, kawirikawiri sikupha mwadzidzidzi. Ngakhale kuthamanga, malungo kapena mantha zimafulumizitsa mtima kuchokera m'mwamba momwemo.

Makina oyamba ankazindikira makamaka ventricular fibrillation, pamene zipinda zam'munsi zimangonjenjemera osapopa magazi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anawonjezera kuwerenga liwiro la mtima, koma liwiro palokha silinena kumene vuto lachokera. Zotsatira zake, odwala ena ankalandira shoko ali maso, popanda choopsa chilichonse. Ambiri amati ululu wake uli ngati kumenyedwa theche pachifuwa, ndipo ena ankakhala mwamantha, osafunanso kugwira ntchito yolemetsa.

Pofika zaka za m'ma 1990, makinawa anali ataphunzitsidwa kufunsa mafunso angapo asanapereke shoko. Loyamba ndi la kayambidwe: VT imayamba mwadzidzidzi, pamene mtima wa munthu amene akukwera phiri umafulumira pang'onopang'ono. Lachiwiri ndi la dongosolo: VT nthawi zambiri imagunda mofanana, pamene atrial fibrillation, mtundu wofala wa kusokonekera kwa zipinda zam'mwamba, imagunda mwachisawawa. Lachitatu ndi la maonekedwe: makina amasunga chithunzi cha mphamvu yamagetsi ya kugunda kwabwino kwa wodwalayo, n'kumachiyerekeza ndi kugunda kwatsopano. Zikafanana, ndiye kuti uthenga wadutsa njira yake ya nthawi zonse kuchokera m'mwamba.

Chakumapeto kwa zaka zomwezo kunabwera makina a mawaya awiri, wina m'mwamba wina m'munsi. Awa amawerenga mbali zonse, ndipo zipinda zam'munsi zikamagunda kambiri kuposa zam'mwamba, amadziwa kuti ndi VT.

Komabe funso lililonse lili ndi pothera. SVT ina imayamba mwadzidzidzi ngati VT. Atrial fibrillation ikathamanga kwambiri imaoneka ngati yadongosolo. Waya wothyoka umatumiza phokoso limene makina amaliwerenga ngati kugunda kwa mtima. Lipoti la mu 2008 lochokera m'kafukufuku wa MADIT II linapeza kuti odwala 11.5 pa 100 alionse analandirapo shoko yosafunikira, ndipo chochititsa chachikulu chinali atrial fibrillation.

Kusintha kwakukulu kunadza pamene madokotala anaphunzitsa makinawa kudekha. Kafukufuku wa PainFREE Rx II wa mu 2004 anaonetsa kuti VT yambiri, ngakhale yothamanga, imatha ndi timagetsi tochepa tosapweteka totumizidwa mofulumira, popanda shoko. Mu 2012, kafukufuku wa MADIT-RIT, wotsogozedwa ndi Dr Arthur Moss pa odwala 1,500, anayesa kuti makina asachitepo kanthu mpaka mtima utagunda ka 200 pa mphindi. Poyerekeza ndi kachunidwe kakale, chithandizo chosafunikira chinatsika ndi 79 peresenti, ndipo imfa zinatsika ndi 55 peresenti. Kuthamanga kwina kumaleka kokha makina akangodikira pang'ono.

Mbiriyi ili ndi phunziro kwa ogwira ntchito zaumoyo amene angakumane ndi wodwala wokhala ndi ICD. Shoko siitanthauza nthawi zonse kuti wodwalayo anali pafupi kufa, komanso siiyenera kunyozeredwa. Ndi bwino kulemba nthawi imene yachitika, zimene wodwalayo ankachita, ndiponso ngati anakomoka, chifukwa katswiri adzayerekeza zimenezi ndi zimene makina asunga. Wolandira shoko kawiri kapena kuposa pa tsiku limodzi afunika kutumizidwa kuchipatala mwachangu, kumene maginito oikidwa pamwamba pa kamakinako angaimitse shoko kwa kanthawi madokotala akumuyang'anira. Kumugwira wodwala pamene akulandira shoko sikuvulaza womuthandiza, ndipo akakomoka n'kusiya kupuma, ntchito yotsindira pachifuwa iyambe nthawi yomweyo.