Khobidi Lasintha Mtundu: Kodi Likadali Ndalama?

Mwina munali kulima ku Ngauma, khasu n'kufukula khobidi lobiriwira. Mwina munagula tomato pamsika wa ku Mandimba, pa cenji n'kukupatsani lina lakuda bii. Musafulumire kulitaya. Musafulumirenso kuganiza kuti mwatola cuma. Yambani mwadziwa cimene lasinthira mtundu.

Mtundu umakuuzani citsulo cake

Khobidi limasintha likakhala m'dothi, pa cinyezi, pamoto, kapena likagwidwa kwambiri ndi manja a thukuta. Citsulo ciriconse cimasintha mwa njira yake.

Likabiriwira, ndiye kuti muli mkuwa. Makobidi ambiri a esikudo a nthawi ya Apwitikizi, monga la esikudo imodzi, amatero.

Likacita dzimbiri lofiira, mkati mwake ndi citsulo wamba. Makobidi ambiri a metikali a 2006 ndi acitsulo, angokutidwa pamwamba ndi citsulo cina cowala. Cokutiraco cikaperepeseka, dzimbiri limalowa.

Likada ngati lapita mu utsi, likhoza kukhala la siliva. Koma lopsa ndi moto nalonso limada.

Nanga lacikasu? Apa ndiye pamene ambiri amanamizidwa. Makobidi a masentavu 10, 20 ndi 50 a 2006 ndi acikasu, koma mulibe golide ngakhale pang'ono. Golide sacita dzimbiri.

Yesani ndi maginito

Tengani maginito a m'sipika ya wailesi yakufa, muwayandikize ku khobidi. Likamatirira, si golide ndiponso si siliva. Likapanda kumatirira, musanene msanga kuti ndi siliva, cifukwa mkuwa nawonso sukokedwa ndi maginito.

Tsopano werengani

Mtengo wa khobidi uli pa zimene zinalembedwapo. Litsukeni ndi madzi ndi sopo, mulipukute ndi kansalu kofewa. Ndiye fufuzani zinthu zitatu: dzina la dziko, caka, ndi nambala.

Ngati palembedwa kuti República Portuguesa, imeneyo ndi esikudo. Inasiya kugwira nchito pamene metikali inayamba, pa 16 Juni 1980. Simungagulire nayo kanthu. Komabe makobidi a maesikudo 10 ndi 20 a zaka ngati 1952, 1955 ndi 1960 ali ndi siliva, ndipo alipo anthu amene amagula. Mtengo wake umadalira kulemera kwa silivayo ndi mmene khobidilo lasungikira.

Ngati palembedwa mametikali 1000 ndi caka ca 1994, nambala yaikuluyo isakunamizeni. Pa 1 Julayi 2006 boma linacotsa maziro atatu: mametikali 1000 akale anasanduka metikali imodzi yatsopano. Nthawi yokasinthitsa akalewo inatha mu 2012.

Ngati palembedwa kuti Malawi, nthawi zambiri imeneyo ndi kwacha kapena tambala. Zoterezi siziyenera kukudabwitsani ku Mandimba, popeza Chiponde ali pafupi pomwepo.

Ngati ndi metikali ya 2006 kapena ya pambuyo pake, ikadali ndalama ngakhale yada. Ya 5 ndi 5 yomweyo. Wogulitsa akaikana, pitani nayo ku banki, ku Cuamba kapena ku Mandimba, mukafunse.

Cenjerani ndi ziwiri izi

Coyamba, musakwecese khobidi lakale ndi mcenga, phulusa kapena mandimu. Liwala inde, koma zilembo zifufutika, ndipo ogula makobidi akale safuna lokalikakalika.

Caciwiri, munthu akabwera ndi khobidi lacikasu n'kumati, “Uyu ndi golide, ndipatseni mbuzi yokha basi,” musapereke kanthu. Winanso akafuna kugula lanu mothamanga, musavomere tsiku lomwelo. Lembani caka ndi mau onse a pakhobidipo mu kope lanu, muwaonetse aphunzitsi anu kapena munthu wina wodalirika. Mbuzi yanu isapite cifukwa ca masentavu 50.