Mbiri ya Ndege za Hayala m'Lusaka

Kumadzulo kwa mseu wa Cairo m'Lusaka, cakumpoto pang'ono, kuli dera la mafakitale lochedwa Heavy Industrial Area. Kumeneko kuli nkhokwe za mafuta m'mbali mwa mseu wa Mungwi, nyumba zosungiramo zitsulo za makina, ndi magalimoto akuluakulu oyembekeza katundu. Makina akafa pa mgodi wa ku Solwezi, eni mgodi amataya ndalama ola liri lonse limene nchito yaima. Galimoto yotenga citsulo ndi mmisiri kucokera ku Lusaka imatha tsiku lathunthu panjira, koma ndege imafika m'ola limodzi ndi mphindi zowerengeka. Cifukwa ca ici pali makampani amene nchito yao ndiyo kubwereketsa ndege. Ndege zotere zimachedwa za hayala, pakuti sizitsata ndandanda ya masiku ndi maola monga zimacitira zinzace, koma zimanyamuka pa nthawi imene wolipira wafuna ndi kupita kumene iye wanena. Masiku ano munthu angathe kufunsa mtengo wa ndege yotere pa lamya ya m'manja ali khale mu ofesi yace. Kuti zifike pamenepa papita zaka zoposa 100, ndipo mbiri yace iri ndi phunziro.

Ndege yoyamba kudutsa dziko la Northern Rhodesia inaoneka m'caka ca 1920. Inali Silver Queen II, imene anayendetsa Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand pa ulendo wao wocokera ku England kupita ku Cape Town. Inatera ku Abercorn, kumene tsopano ndi ku Mbala, ku Ndola, ku Broken Hill, kumene tsopano ndi ku Kabwe, ndi ku Livingstone, ndipo inakaonongeka ku Bulawayo. Mabwalo amene inaterapo anawalambula ndi anthu a m'midzi, amene anagwetsa mitengo ndi nkhwangwa, nazula zitsa, nagumula zulu ndi makasu. Anthu amenewa ndiwo anatsegula njira ya mlengalenga, ngakhale panalibe mmodzi wa iwo amene anaganiza kuti adzakwera.

M'caka ca 1932 kampani ya Imperial Airways inayamba kutenga makalata ndi anthu pakati pa London ndi Cape Town, ndipo ndege zace zinali kuima ku Mpika ndi ku Broken Hill. Nthawi imeneyo Lusaka anali kamudzi ka pa njanji cabe. Koma Boma litasamutsa likulu kucoka ku Livingstone m'caka ca 1935, mzinda watsopano unakhala ndi bwalo lace la ndege pafupi ndi maofesi a Boma, panjira yopita ku Kabulonga ndi ku Woodlands. Bwalo limeneli likalipo, ndipo limachedwa City Airport. Nkhondo yaciwiri itatha, m'caka ca 1946, maiko atatu a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland anagwirizana kukhazika Central African Airways, imene likulu lace linali ku Salisbury. Kampaniyi inali ndi tindege ting'onoting'ono tochedwa Beaver, totenga anthu owerengeka, timene tinali kutera pa mabwalo a udzu ku Barotseland, kumene madzi a Zambezi akasefukira galimoto sinali kupita.

Wofuna ulendo masiku amenewo anali kupita yekha ku ofesi. Kalaliki anali kutsegula buku lalikuru, nalemba dzina, natumiza telegalamu ku bwalo lina kukafunsa ngati malo alipo, ndipo yankho likabwera anali kulemba tikiti ndi dzanja. Okwera anali akuluakulu a Boma, mabwana a migodi ndi amalonda aciyera. Anthu a ku Kabwata, amene anali kukhala m'nyumba zozungulira zofolera ndi udzu, anali kungokweza maso ndege ikamadutsa, ndipo ana anali kuithamangira mpaka itazimirira.

Anthu akuda oyamba kukwera ndege ali ambiri sanakwere cifukwa ca cuma cao. M'zaka za 1950 kampani ya Wenela, imene inali kulemba anthu a nchito ya m'migodi ya ku Johannesburg, inagula ndege zace. Inali kutenga amuna ku Barotseland ndi ku Nyasaland kupita nao ku Francistown, kumene anali kukwera sitima ya pamtunda. Amunawa sanasankhe ndege, ndipo sanadziwe amene anali kuikonza kapena kuithira mafuta. Zambia italandira ufulu, Boma linaletsa Wenela kulemba anthu m'dzikomo, koma ku Malawi nchitoyi inapitirira. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela yobwezera amuna kwao inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 anafa. Ofufuza anapeza kuti mafuta ace anali atasanganizika ndi mafuta a mtundu wina. Dr Hastings Kamuzu Banda analetsa pomwepo kulemba anthu a Wenela, ndipo zikwi za amuna zinabwerera kwao.

Ngozi ina yomveka dziko lonse lapansi inali itacitika kale m'caka ca 1961. Usiku wa pa 17 September, kuca kwa pa 18, ndege yotenga Dag Hammarskjöld, mlembi wamkuru wa United Nations, inagwa m'nkhalango pafupi ndi Ndola. Iye anali kupita kukakambirana ndi Moise Tshombe za nkhondo ya ku Katanga. Ndegeyo inali ya hayala, yobwereka kwa kampani ya ku Sweden yochedwa Transair, ndipo anthu onse 16 amene analimo anafa. Anthu ootcha makala amene anali m'nkhalangomo ananena kuti anaona ndege yaciwiri m'mwamba, koma ofufuza a nthawi imeneyo sanasamale mau ao. Mpaka lero nkhaniyi ikali kufufuzidwa.

Komatu ndege zobwereka zinapulumutsanso dziko. Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964, ndipo pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza ufulu wa Rhodesia popanda cilolezo ca Britain. Mafuta onse a Zambia anali kudzera ku Rhodesia, ndipo njira imeneyo inatsekeka. Petulo anayamba kugawidwa mwa muyeso, mafakitale a m'Lusaka ndi migodi ya ku Copperbelt zinatsala pang'ono kuima. Pamenepo Britain ndi Canada anatumiza ndege za asilikari, ndipo America inabwereka ndege za makampani, kuti zitenge mafuta m'migolo kucokera ku Dar es Salaam, ku Nairobi ndi ku Congo. Unali ulendo wodula koposa, pakuti ndege yomwe inali kumwa mafuta ambiri pobweretsa mafutawo. Bvutoli linatha m'caka ca 1968, pamene paipi ya TAZAMA yocokera ku Dar es Salaam inafika ku Ndola. M'zaka zomwezo Dr James Lawless anayambitsa ku Ndola nchito ya madokotala oyenda pa ndege, yochedwa Zambia Flying Doctor Service, ndipo kwa nthawi yoyamba ndege inatera m'midzi kudzatenga mayi wobvutika pobala kapena mwana wodwala, osafunsa kuti ali ndi ndalama zingati.

M'caka ca 1967 bwalo latsopano lalikuru linatsegulidwa kum'mawa kwa mzinda, kupitirira Chelstone, ndipo m'caka ca 2011 linapatsidwa dzina la Kenneth Kaunda. M'caka comweco ca 1967 Central African Airways inatha, ndipo Zambia Airways inaima payokha. M'caka ca 1984 inagula ndege yaikuru ya DC-10, imene inachedwa Nkwazi, ndipo pambuyo pace inafika mpaka ku New York. Koma mtengo wa mkuwa unali utagwa, ngongole zinacuruka, ndipo mu December 1994 kampaniyo inatsekedwa.

Kusowa kwa ndalama kwa zaka zimenezo kunabala cisoni cimene Azambia sadzaiwala. Mu April 1993 gulu la mpira la dziko linayenera kupita ku Dakar kukasewera ndi Senegal, ndipo linapatsidwa ndege ya asilikari ya mtundu wa Buffalo. Itamwa mafuta ku Libreville m'dziko la Gabon, inanyamuka usiku, nigwera m'nyanja pafupi ndi gombe. Anthu onse 30 anafa, ndipo 18 mwa iwo anali osewera. Lipoti la Boma la Gabon, limene linaturuka m'caka ca 2003, linanena kuti injini imodzi inagwira moto, ndipo woyendetsa, amene anali wotopa, anazima injini yabwino m'malo mwa yoonongeka. Manda ao ali pafupi ndi Independence Stadium m'Lusaka. Pamene Zambia inapambana cikho ca Africa m'caka ca 2012, inapambanira ku Libreville komweko.

Boma litamasula malonda m'zaka za 1990, makampani a anthu wamba anadzaza malo amene Zambia Airways inasiya. Imodzi ya iwo ndi Proflight, imene Tony Irwin, amene kale anali woyendetsa ndege wa Zambia Airways, anayamba m'caka ca 1991 ndi maulendo a hayala, nidzayamba ya ndandanda pambuyo pace. Ndege za hayala zinapeza nchito yotenga alendo odzaona nyama ku Mfuwe m'cigwa ca Luangwa ndi ku Lower Zambezi, ndiponso amisiri a migodi yatsopano ya Kansanshi, Lumwana ndi Kalumbila. Koma kucuruka kwa makampani kunaposa mphamvu ya oyang'anira. M'caka ca 2009 European Union inaletsa ndege za makampani onse a Zambia kulowa m'maiko ace, ponena kuti uyang'aniri unali wosakwanira. Zambia inakonza lamulo latsopano m'caka ca 2012, nikhazika Civil Aviation Authority, ndipo m'caka ca 2016 ciletso cija cinacotsedwa. M'caka ca 2021 dzina la Zambia Airways linabweranso, mogwirizana ndi Ethiopian Airlines.

Nthawi yonseyi kagulidwe ka tikiti kanali kusinthika m'maiko akutali. M'zaka za 1960 American Airlines inayamba kusunga maina a okwera m'kompyuta, ndipo buku la kalaliki linatha nchito pang'onopang'ono. M'caka ca 2008 makampani akuluakulu a dziko lapansi analeka matikiti a pepala, ndipo m'caka comweco anthu anayamba kuika pa lamya za m'manja timapulogalamu tochedwa app. Ndege zazing'ono za jeti za anthu olemera, zimene zinachuka ndi Learjet ya m'caka ca 1963, nazonso zinalowa m'njira imeneyi. Cimene cinakopa amalonda ndi ici: ndege ya hayala ikatula munthu, kawirikawiri imabwerera yopanda kanthu, ndipo wobwereka ndiye amalipira ulendo wonse, wopita ndi wobwera. App imaonetsa maulendo opanda anthu otere kwa ofuna, ndipo mipando yace imagulitsidwa pa mtengo wotsika.

Ngakhale ziri conco, lamya yacepetsa bvuto la kufunsa kokha. Mafuta, malipiro a oyendetsa, zitsulo ndi msonkho wa bwalo ziri pomwepo, kotero kuti mphunzitsi wa ku Kabwata kapena namwino wa ku Chelstone akafuna kupita ku Chipata amakwerabe basi pa Intercity. Ndiponso makampani ambiri a app alibe ndege zaozao. Ali ngati mkhalapakati wogwirizanitsa wobwereka ndi mwini ndege. Cithunzi ca pa lamya cimaonetsa mipando yofewa, koma siciulula tsiku limene injini inayesedwa, kapena maola amene woyendetsa wagona. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Wobwereka wanzeru amafunsa dzina la kampani yoyendetsa ndegeyo, ndi kufuna kuona cilolezo cace cocokera ku Civil Aviation Authority.

Mbiri imeneyi ionetsa kuti moyo wa okwera, kuyambira amuna a Wenela kufikira osewera mpira a 1993, unali m'manja mwa anthu amene iwo sanawaone: woyesa mafuta, mmisiri wa injini, wolemba maola a oyendetsa, ndi woyang'anira wa Boma amene ayenera kulimba mtima kukana ndege yosayenera ngakhale mwini wace ndi munthu wamkuru. Anyamata ndi atsikana amene atsiriza sukulu ambiri amalakalaka kukhala oyendetsa ndege, ndipo ndi cinthu cabwino. Koma nchito zina zija zikufunanso anthu, ndipo zina mwa izo zimaphunzitsidwa ku Zambia Air Services Training Institute, pafupi ndi bwalo la Kenneth Kaunda. Amene adzazigwira mokhulupirika sadzachuka, koma cifukwa ca iwo anthu adzafika kwao amoyo.