Za Sitima ya Moto Yosungidwa ku Chichiri

Abale, iye amene afika ku Blantyre asabwerere kwao asanaone nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri. Pabwalo pace paima mutu wa sitima ya pamtunda, dzina lace Shamrock. Moto wace unazima kale, koma ife tiyesa kuti uli nao mau akutiuza.

Masiku a makolo athu, akatundu ocokera kunyanja yamcere anakwera ndi sitima za pamadzi kucokera ku Chinde, napita m'Zambezi ndi m'Shire kufikira ku Chiromo kapena kwa Katunga. Kumeneko amtengatenga anawasenza pamutu, nakwera nao mapiri kufikira ku Blantyre. Amuna ambiri anasiya minda yao nanka kukasenza, kuti apeze ndalama ya msonkho. Ndipo madzi a Shire atacepa, sitimazo zinayamba kutsakamira pamcenga. Cifukwa cace Azungu anapangana za kuika njanji.

Shamrock ndi mnzace Thistle anasulidwa ku Stafford, m'dziko la England, nayamba nchito kuno caka ca 1904. Caka ca 1908 njanji yocokera ku Port Herald, ndiko ku Nsanje, inafika ku Blantyre. Caka ca 1914 inatsikira ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi, ndipo caka ca 1922 ina yocokera ku Beira inafika tsidya lija. Koma mtsinje unazilekanitsabe kufikira 1935, pamene unatha mlatho waukuru wa Dona Ana. Caka comweco njanji inafikanso ku Salima.

Mphamvu ya sitima yotere inacokera ku moto ndi madzi. Moto uwiritsa madzi, nthunzi ikankha mitanda yacitsulo, ndi mitandayo izunguza mikombero. Pambuyo pace zinadza sitima za dizilo, ndi zamotozo zinapumula.

Tsono ici ndico tifuna kuti akulu ndi aphunzitsi acisunge. Citsuloco anacicha dzina, ndipo tilidziwa kufikira lero. Koma amene anakumba nthaka ndi makasu, nasenza miyala, nasonkha moto m'kutentha kwa Chiromo, maina ao aiwalika. Sitima inatula katundu pamitu ya makolo athu, koma njira yace anailambula ndi iwo omwe.

Cotero mukatengera ana a sukulu ku Chichiri, musawaonetse citsulo cokha ai. Muwafunse, Kodi agogo anu anagwira nchito yanji pa njanji iyi? Ndipo akabwerera kumudzi, akafunse nkhalamba zimene zikumbukira zonena za atate ao, nalembe mainawo asanatayike.