Ubwino wa masewera olimbitsa thupi pa ubongo ndi maphunziro a ana

Masewera olimbitsa thupi, omwe ambiri amawaona ngati otayitsa nthawi pasukulu, amathandiza ubongo wa mwana kuti uzigwira bwino ntchito. Izi n'zofunika kwa akuluakulu okonza ndondomeko za maphunziro, alangizi a sukulu ndi aphunzitsi aakulu, chifukwa ndiwo amagawa nthawi ya phunziro lililonse.

Zomwe zimachitika mu ubongo

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi magawo 2 pa 100 a thupi lonse, koma umagwiritsa ntchito pafupifupi magawo 20 pa 100 a mphamvu za m'thupi. Munthu akamathamanga, mtima umapopa magazi mofulumira ndipo ubongo umalandira mpweya wa okosijeni ndi shuga zomwe umafuna.

Kulimbitsa thupi kumachulukitsanso puloteni yotchedwa BDNF, yomwe imathandiza maselo a mu ubongo kukula ndi kulumikizana. M'chaka cha 1999, Henriette van Praag ndi Fred Gage a ku Salk Institute m'dziko la America adapeza kuti mbewa zomwe zinkathamanga pa gudumu zidali ndi maselo atsopano ochuluka m'gawo la ubongo lotchedwa hippocampus, lomwe limathandiza kukumbukira zinthu.

Umboni wochokera kwa ana

M'chaka cha 2009, Charles Hillman ndi anzake a ku University of Illinois adapeza kuti ana omwe adayenda mwandawala kwa mphindi 20 adatchera khutu bwino ndi kuchita bwino pa mayeso a kuwerenga kusiyana ndi pomwe adangokhala pansi. M'chaka cha 2014, gulu lomweli lidafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ana 221 a zaka 7 mpaka 9. Ana omwe adachita masewera akaweruka kwa miyezi 9 adapambana anzawo pa luso loika maganizo pa chinthu chimodzi ndi losintha msanga kuchoka pa ntchito ina kupita pa ina.

Nalo bungwe la Centers for Disease Control and Prevention la ku America lidaunika kafukufuku wosiyanasiyana 50 m'chaka cha 2010. Lidapeza kuti kupatula nthawi ya masewera sikubweza m'mbuyo maphunziro, ndipo nthawi zambiri kumathandiza. Komabe masewera salowa m'malo mwa mphunzitsi, mabuku kapena chakudya. Mwana wanjala sangapindule nawo, n'chifukwa chake ntchito yopereka phala m'sukulu iyenera kuyendera limodzi ndi masewera.

Muyeso woyenera

Malangizo omwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa m'chaka cha 2020 akuti ana a zaka 5 mpaka 17 azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 60 patsiku, ndipo masiku atatu pa sabata azichita masewera olimbitsa minofu ndi mafupa. Kafukufuku wa bungweli wa m'chaka cha 2019, wokhudza ophunzira 1.6 miliyoni m'maiko 146, adasonyeza kuti achinyamata 81 pa 100 alionse a zaka 11 mpaka 17 sankafika pa muyesowu. Kwa atsikana chiwerengerocho chidali 85 pa 100, pomwe kwa anyamata chidali 78 pa 100.

Zomwe maiko ena achita

Ku Finland, sukulu zambiri zimapatsa ana mphindi 15 zopuma pambuyo pa phunziro la mphindi 45. Ku Scotland, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya St Ninian's mu mzinda wa Stirling, Elaine Wyllie, adayambitsa ndondomeko ya The Daily Mile m'chaka cha 2012. Ana amathamanga kapena kuyenda kwa mphindi 15 tsiku lililonse atavala yunifolomu yawo, popanda zipangizo zapadera, ndipo ndondomekoyi idafalikira kumaiko ambiri.

Kuno ku Malawi

Maphunziro aulere a pulaimale atayamba m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ophunzira chidakwera kwambiri ndipo makalasi adadzaza. M'makalasi otere ana amakhala pansi mothinana kwa nthawi yaitali. Ena amayenda mtunda wautali popita kusukulu ndi kugwira ntchito zapakhomo, koma ana ambiri a m'tauni sayenda chotero.

Njira zothandizira sizilira ndalama zambiri. Masewera odziwika monga fulaye, jingo, chipako, mpira wamiyendo ndi wamanja, pamodzi ndi magule a makolo, amafuna bwalo ndi nthawi basi. Chofunika ndi chakuti nthawi ya masewera isamalandidwe pokonzekera mayeso a Sitandade 8, mabwalo a sukulu atetezedwe kwa ofuna kumangapo nyumba, ndipo atsikana ndi ana olumala apatsidwe mpata wofanana ndi anzawo. Aphunzitsi asamagwiritsenso ntchito kuthamanga ngati chilango, chifukwa mwana wolangidwa motero amakula akudana ndi masewera.