Kabula, Mzinda Womwe Udabwera Pamutu

Alendo athu olemekezeka, mwambo ukatha ng'oma n'kuzizira, ambiri a inu mutsala ndi tsiku limodzi kapena awiri musanakwere basi yobwerera kwanu. Ena mufuna chitenje choti mukapatse mayi kunyumba, ena mbaula, ena kungoona ndi maso mzinda umene mumaumvera pawailesi. Paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, choncho ndati ndikulozereni pang'ono poyenda. Ndaphunzitsa mbiri yakale m'sukulu za sekondale zaka 27, ndipo ndidachedwa kuzindikira kuti mphunzitsi mnzanga wamkulu mumzinda muno ndi kondakitala wa minibasi. Akamakuwa kuti "Wenela! Gulupu! Ginnery! Kandodo!" amakhala akutchula mitu ya phunziro limene ine ndimathera nalo teremu yathunthu.

Azungu asanafike, dera lino lidali la Amang'anja, anthu olima thonje ndi osula makasu. M'zaka za m'ma 1860 mudalowa Ayao, ndipo pamene Henry Henderson wa mpingo wa Church of Scotland ankafunafuna malo omangapo mishoni, adawapeza m'dziko la mfumu Kapeni. Amene adamuperekeza ndi kumumasulira anali Tom Bokwito, dzina limene ana asukulu saligwira msanga chifukwa palibe msewu waukulu umene umawakumbutsa. Mishoni idakhazikika mu Okutobala 1876, ndipo idatchedwa Blantyre potengera mudzi wa ku Scotland kumene David Livingstone adabadwira. Eni nthaka sadataye lawo. Mpaka lero munthu akatsika basi amaimbira abale kuti wafika ku Kabula.

Ngati muli ndi m'mawa umodzi wokha, yambani ndi nyumba ya Mandala. Idamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, imene idabadwira ku Glasgow mu 1878 ndipo inkayendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi amaso, anthu n'kumutcha Mandala. Dzinalo lidachoka pa munthu kupita pa nyumba, kuchoka pa nyumba kupita pa sitolo zonse za kampaniyo m'dziko muno, mpaka agogo athu akati akupita ku Mandala ankatanthauza kuti akukagula nsalu ndi mchere. Nyumbayi, ya nsanjika ndi khonde lozungulira, ndi yakale kwambiri mwa nyumba zachizungu zimene zidakali chiimire m'Malawi. Pansi pali malo ogulitsira zojambula ndi omwera khofi. Pamwamba pali nyumba ya mabuku ya Society of Malawi, bungwe limene lidayamba mu 1946, ndipo m'menemo muli zithunzi za mzinda uno udakali tchire.

Mukaima pakhondepo, dzifunseni kuti katundu wa m'sitoloyo ankafika bwanji, popeza kudalibe njanji kapena galimoto. Sitima zapamadzi zinkakwera Zambezi ndi Shire n'kuima kwa Katunga, kumunsi kwa mathithi. Kuchokera kumeneko, mtolo uliwonse wa nsalu, bokosi lililonse la misomali, malata, mabelu a tchalitchi, ngakhale zitsulo za sitima zokasonkhanitsidwa kunyanja, zinkakwera chitunda cha makilomita oposa 40 pamutu pa amtengatenga. Mzungu wodwala kapena wotopa ankanyamulidwa pamachila. Anthu amenewa ankalipidwa mikono ya nsalu, ndipo msonkho wa nyumba utayamba m'zaka za m'ma 1890, ambiri ankasenza katundu pofuna kupeza ndalama ya msonkhowo. Mayina awo sadalembedwe pachikwangwani chilichonse. Ndikabwera ndi ana a Fomu 3 pano, ndimawauza kuti aliyense asenze chikwama cha mnzake kuchokera pageti kufika pakhonde. Amaseka, koma mayeso akafika funso limenelo salakwa.

Pamalo omwewa padachitikanso china. Usiku wa pa 23 Januwale 1915, anthu a John Chilembwe adabwera kuchokera ku Mbombwe, ku Chiradzulu, kudzathyola nyumba yosungiramo mfuti ya African Lakes. Adangotengako mfuti zochepa alonda atadzidzimuka. Mmodzi wa amene adaphedwa ndi boma pambuyo pa kuukirako anali John Gray Kufa, mkulu wa mpingo wa Blantyre Mission ndiponso wodziwa ntchito ya chipatala, munthu amene amishoni ankamunyadira. Chilembwe mwiniwake adayambira kwa Joseph Booth, amene adakhazikitsa mishoni yake ku Mitsidi mu 1892.

Kuchoka ku Mandala pitani ku HHI, kumene kuli tchalitchi cha St Michael and All Angels. Ambiri mudachiona pachithunzi, koma chithunzi chimabisa chinthu chimodzi, ndicho njerwa. Yandikirani khoma muone m'mene njerwazo zidasiyanirana maumbidwe, zina zopindika, zina zosongoka, zina zokhala ngati duwa. Zonse zidaumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo. M'busa David Clement Scott, amene adatsogolera ntchitoyi kuyambira 1888 mpaka 1891, sadaphunzirepo zomangamanga, ndipo anthu amene adagwira naye ntchito anali asanamangepo nyumba yoteroyo. Ankayesa chipilala, chikakana n'kugumula, n'kuyambanso. Scott yemweyo adatulutsa buku lotanthauzira mawu a Chimang'anja mu 1892, ndipo ankakangana ndi azungu anzake poumirira kuti Afirika ayenera kutsogolera mpingo wawo. Zimenezo zidatenga nthawi: Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha adadzozedwa ubusa mu 1911. Mukalowa m'katimo vulani chipewa, chifukwa mapemphero amachitikabe.

Tsopano za kugula, poti ndikudziwa kuti ena mwawerenga mpaka pano mukudikira zimenezi. Msika weniweni wa mzinda uno ndi Limbe, ndipo Limbe ndi mwana wa njanji. Sitima yapamtunda idafika kuno mu 1908 kuchokera kuchigwa cha Shire, ndipo chaka chomwecho kampani ya Imperial Tobacco idatsegula fakitale yake ya fodya ku Limbe. Likulu la njanji lidakhala komweko, okushoni ya fodya idayamba mu 1938, ndipo matauni awiriwa adakula payekhapayekha mpaka adaphatikizidwa mu 1956. N'chifukwa chake mpaka lero munthu wa ku Bangwe akati akupita m'tauni muyenera kumufunsa kuti tauni yake iti. Ntchito za fodya, njanji ndi minda ya tiyi zidakoka anthu ochokera kutali, pakati pawo Alhomwe amene ankaoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Mukatchera khutu mumsika wa Limbe mumva Chichewa chosakanikirana ndi Chiyao, Chilhomwe ndi Chisena pa benchi limodzi la usipa.

Sitolo za amwenye zimene zandandalika m'misewu ya Limbe nazo zili ndi mbiri yake. Makolo awo adayamba kufika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, n'kumwazikana m'dziko lonse, kotero kuti kale pa malo ochitira malonda alionse akumudzi padali sitolo ya mmwenye ndi telala pakhonde. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Kamuzu Banda lidalamula kuti achoke kumidzi akachite malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Ambiri adadzaunjikana kuno. Kumidzi sitolo zambiri zidasanduka mabwinja, ndipo amene timachokera kumeneko timakumbukira makonde ake opanda anthu. Chitenje chabwino muchipeza m'sitolo zimenezi ndi m'mabenchi a amayi mumsika. Chigwireni m'manja, muchitikite pakona kuti muone ngati kulimba kwake ndi kwa ulusi kapena kwa sitachi, ndipo funsani mtengo m'malo atatu musanatulutse ndalama. Safunsa adadya phula. Foni ndi kachikwama zikhale m'thumba lakutsogolo. Ndikunena izi ngati munthu amene adabwererapo kunyumba wapansi tsiku lolandira malipiro.

Chitenjecho chili ndi nkhani ina imene siyenera kuiwalika. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead & Sons idatsegulidwa muno m'zaka za m'ma 1960, ndipo kwa nthawi yaitali Amalawi ambiri ankavala nsalu yake. Mu Meyi 1992, patangotha miyezi iwiri chiwerengedwere kalata ya maepiskopi a Katolika, antchito a pafakitaleyi adanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino. Sitalakayo idafalikira mumzinda monse, sitolo za PTC zidathyoledwa, apolisi adaombera, ndipo anthu makumi angapo adafa m'misewu ya Blantyre ndi Limbe. Chaka chotsatira kudachitika riferendamu. Lero kaunjika ndiye wadzaza misika, ndipo sindingamudzudzule munthu womugula, popeza inenso jekete limene ndimaphunzitsira lidachokera pamulu. Komabe amene akufuna chinthu cholukidwa ndi manja a Mmalawi apite ku Bangwe, ku fakitale yoluka, kumene anthu aulumali amaluka mphasa zapansi, nsalu zapakhoma ndi zikwama.

Wofuna mbaula, ndowa, sefa kapena chitini chothirira mbewu apite ku Ndirande. Phokoso la nyundo likulondolerani lokha. Amisiri a kumeneko amasandutsa mgolo wakale ndi chitseko cha galimoto yakufa kukhala ziwiya zimene zimatha zaka, ndipo ine ndimawaona ngati adzukulu a osula makasu aja amene amishoni adawapeza. Ndirande idakula chifukwa antchito a m'mafakitale ndi m'nyumba za azungu sankaloledwa kukhala ku Sunnyside kapena ku Namiwawa, kumene ankagwira ntchito usana. Adamanga okha m'mphepete mwa tauni, pamtunda woti n'kuyenda wapansi. Kumeneko mupite ndi munthu wodziwako, ndipo musajambule mmisiri musanapemphe.

Mayina aja a kondakitala ndiwamasule mwachidule. Gulupu ndi chipatala cha Queen Elizabeth, chimene chidatsegulidwa mu 1958 ndipo poyamba chinkatchedwa Group Hospital. Ginnery Corner padali makina otongola thonje. Kandodo idali sitolo. Wenela ndiye dzina lolemera kuposa onse. Limachokera ku bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene linkalemba amuna opita kumigodi ya ku Joni. Pamalo pamene lero mukukwerera basi, azibambo athu ankapimidwa, kusindikiza chala, n'kusiya akazi ndi ana kwa zaka ziwiri. Ankabwerako ndi njinga, wailesi, bulangete, ena ndi chifuwa chosatha, ena osabwerako konse, amene timawatcha matchona. Mu Epulo 1974 ndege yobweza antchito idagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Banda adaimitsa kulemba anthuko.

M'katikati mwa tauni yendani wapansi mumsewu wa Victoria. Holo yakale ya tauni, yomangidwa pokumbukira Mfumukazi Victoria, ikadalipo, ngakhale yapanikizika pakati pa nyumba zazitali. Chakumtunda kuli hotela ya Ryall's, imene pakhomo pake, mu Januwale 1960, anthu adasonkhana ndi zikwangwani pamene nduna yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, inkadya nkhomaliro m'katimo. Ankafuna kuti Dr Banda atulutsidwe, popeza adamangidwa kunyumba kwake ku Limbe m'bandakucha wa pa 3 Malichi 1959, tsiku limene anthu ambiri adatsekeredwa ku Kanjedza. Chapafupi pomwepo mupeza ogulitsa ziboliboli, mipando yosema ndi bawo. Mtengo woyamba umene akutchulireni ndi moni chabe. Nenererani, koma mwaulemu, pokumbukira kuti wosemayo adathera masiku pa mtengo umenewo.

Ku Chichiri zinthu zitatu zayandikana: sitolo zamakono, bwalo la Kamuzu kumene mbendera ya Britain idatsitsidwa usiku wolowera pa 6 Julayi 1964, ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale imene idatsegulidwa mu 1966. Loweruka lililonse malo oimikapo galimoto kusitoloko amadzaza, pamene kunyumba ya zakale, mtunda wongoyenda mphindi zochepa, mumapeza mlonda ndi ana awiri atakwera pa injini ya sitima yamalasha. Zimenezi zimandiwawa, ndipo sindibisa. Ndalama yolowera ndi yochepa poyerekeza ndi ya chakudya chimodzi cha kusitoloko.

Chotsala ndi mapiri, amene simungawaphonye kulikonse kumene mungaime: Ndirande, Soche, Michiru, Mpingwe, Bangwe. Ndili mnyamata, Ndirande lidali lakuda ndi mitengo, ndipo tinkaopa kulowamo tokha. Lidametedwa m'zaka za m'ma 1990 ife tikuona, ena a ife tikugula nawo nkhunizo. Soche nalo lidatsatira, nyumba n'kumakwera chitunda chaka ndi chaka chifukwa anthu adalibe kwina komanga. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osaleka, phirilo lidatsetsereka usiku n'kukwirira mabanja ku Chilobwe ndi ku Manja. M'kalasi langa mudatsala madesiki awiri opanda eni ake. Zipsera za matopewo zimaonekabe mukaima pa Kamba n'kuyang'ana kummwera. Michiru ndilo lidakhalitsa ndi nkhalango, koma nkhwangwa za ootcha makala zidalowamo kale. Amene muli ndi miyendo yolimba lawirirani m'mamawa, mutenge madzi akumwa ndi wokuperekezani wa kunkhalangoko. Kukakhala kopanda nkhungu, pamwamba pake mudzaona ndege zikutera ku Chileka, ndipo chakumadzulo nthaka ikutsetserekera ku Shire, kumene amtengatenga aja ankayambira ulendo wawo.