Mzinda Umene Tinaulonjezedwa Koma Sunabwere

Anzanga a mu kalabu, pa msonkhano wa mwezi watha tinakangana zedi pa nkhani ya chitukuko. Mnzathu wina ananena kuti kwathu kuno kulibe chilichonse, bola kungokwera minibasi wa ku Mzuzu kapena kukagwira basi ya ku Joni basi. Mawu amenewa anandikhala pamtima. Ndiye ndinakakhala pansi ndi agogo anga aakazi, ndinatsegulanso mabuku a History amene tinkawerenga ku sekondale. Chimene ndapeza n'chakuti gombe lathuli, kuyambira ku Chintheche kudutsa ku Bandawe ndi Kande mpaka kuno ku Tukombo, lakhala pafupi kusanduka malo aakulu kangapo konse, koma ulendo uliwonse mwayiwo unkabwera ndi alendo n'kupitanso nawo.

Tiyambe ndi Bandawe. M'chaka cha 1881 amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, anasamuka ku Cape Maclear chifukwa cha malungo n'kudzamanga likulu lawo ku Bandawe. Nthawi imeneyo makolo athu Atonga anali atangotuluka kumene m'nkhondo zawo ndi Angoni, ndipo ambiri ankakhala mothithikana m'malinga m'mbali mwa nyanja. Sukulu zitatsegulidwa, Atonga anazilandira ndi manja awiri, n'chifukwa chake dera lino linatchuka msanga ndi anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga. Koma malungo sanawasiye amishoniwo. Mu 1894 Laws anasamutsira likulu ku phiri la Khondowe, komwe lero timati ku Livingstonia. Sukulu yaikulu ija inakamangidwa kumeneko. Kwathu kunatsala tchalitchi chakale, manda a amishoni ndi sukulu zimene zikupitirirabe mpaka lero.

Kenaka kunabwera boma la atsamunda. Ambiri a ife sitidziwa kuti boma la dera lino linakhalapo ku Chintheche, pa nthawi imene derali linkatchedwa West Nyasa. Msonkho unkaperekedwa kumeneko, milandu inkazengedwa kumeneko. Patapita zaka maofesi anasamukira ku Nkhata Bay komwe kuli doko labwino la sitima, ndipo Chintheche inatsala ngati malo a malonda chabe.

Lonjezo lalikulu kuposa onse linabwera dziko litalandira ufulu. Boma linadzala mitengo ya paini pa mapiri a Viphya, ku Chikangawa, pa malo oposa mahekitala 50,000. Cholinga chinali chakuti mitengoyo izikagayidwa pa fakitale yopanga zipangizo za mapepala imene inayenera kumangidwa ku Chintheche. M'zaka za m'ma 1970 nkhani inali ponseponse yakuti kubwera fakitale, doko, nyumba za antchito, mzinda weniweni. Agogo anga akuti anthu ankachita kuloza ndi chala kuti apa padzakhala msewu, apo padzakhala masitolo. Mabanja ena anasamutsidwa pa malo a makolo awo kuti ntchito iyambe. Koma ndalama zake sizinakwane, panalinso nkhawa yakuti zoipa zochokera m'fakitalemo zidzaononga nyanja. Fakitale ija sinamangidwe mpaka lero. Mitengo ya ku Chikangawa inathera ku matabwa ndi moto wolusa, ndipo amene anasamuka aja anataya minda chifukwa cha mzinda wa m'mapepala.

Ndiye mwina mukuti mnzathu uja ananena zoona eti? Dikirani kaye. Pamene malikulu ndi mafakitale ankabwera n'kumapita, dera lino linkatulutsa anthu. Elliot Kamwana, mwana wa kuno amene anaphunzirako ku Bandawe, anabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'miyezi yochepa chabe mu 1908 ndi 1909, mpaka atsamunda anachita mantha n'kumuchotsa m'dziko muno. Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira, pafupi ndi Bandawe, anakayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo linakula n'kukhala bungwe lalikulu kwambiri la antchito akuda ku South Africa pa nthawi imeneyo. Orton Chirwa, loya woyamba wachikuda m'dziko muno, analinso wa boma lino la Nkhata Bay.

Nanga kwathu kwenikweni kuno ku Tukombo? Tili ndi malemu Aleke Banda. Iwo anabadwa mu 1939 ndipo anakulira kunja, monga ana ambiri a makolo athu amene anapita kukagwira ntchito ku Rhodesia. Mu 1959, ali ndi zaka pafupifupi 20, msinkhu wathu womwewu, anathandizana ndi Orton Chirwa kuyambitsa chipani cha Malawi Congress Party. Anakhalapo nduna, kenaka anatsekeredwa m'ndende popanda kuzengedwa mlandu kuyambira 1980 mpaka 1992. Atatuluka anayambitsa nyuzipepala ya The Nation mu 1993, anakhalanso nduna ya zachuma komanso phungu wa dera lino. Anamwalira mu 2010. Kaya munthu umagwirizana ndi ndale zawo kaya ayi, sungalembe mbiri ya Malawi osatchula mudzi wathuwu.

Tsopano lonjezo la masiku ano ndi la zokopa alendo. Mchenga woyera wa ku Chintheche ndi Kande ukudziwika mpaka kunja. Malole akuluakulu onyamula azungu oyendera maiko a mu Africa amaima ku Kande, ena amawoloka kupita pa kachilumba kaja kukaona nsomba za mbuna. Chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars chinayambira ku Chintheche Inn mu 2004, kenaka chinasamukira ku Salima ndi ku Mangochi, n'kudzabweranso kuno mu 2016. Mwaonatu, nachonso chimabwera n'kupita. Paja akuluakulu anati mlendo ndi mame.

Sindikunena kuti malo ogona alendo ndi oipa ayi. Abale athu ena akugwira ntchito kumeneko, amayi akugulitsako nsomba, mazira ndi masamba, anyamata akugulitsa ziboliboli. Koma pali chinthu chimene chikundidetsa nkhawa. Njira imene ndinkadutsa ndili mwana popita kukasamba ndi kukachingamira usipa m'mawa, lero pali mpanda. Amayi amene ankaviika chinangwa ndi kuchapa pafupi akuzungulira mtunda wautali. Malo a m'mbali mwa nyanja akugulitsidwa pang'onopang'ono, nthawi zina ndi wachibale mmodzi banja lonse lisakudziwa. Ndalama zake zimatha chaka chisanathe, koma malowo sabwereranso. Zinachitikira agogo athu m'zaka za m'ma 1970 chifukwa cha lamulo la boma, lero tikuzichita tokha ndi siginecha.

Ndiye ine maganizo anga kwa kalabu ndi awa. Choyamba, tiyeni tizikhala ndi agogo athu n'kumajambula nkhani zawo pa foni asanatisiye: za malinga, za ulendo wa pansi wopita ku Harare ndi ku Joni, za fakitale ija, za malipenga ndi chilimika. Chachiwiri, tikonze ulendo wokaona tchalitchi chakale ndi manda a ku Bandawe, chifukwa n'zochititsa manyazi kuti mzungu wochokera ku Scotland awadziwe malowa kuposa ife. Amene angaidziwe bwino mbiriyi angathe kumaperekeza alendo n'kupezapo kangachepe, m'malo mongowapempha. Chachitatu, tipemphe mafumu athu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi kuti pa malo aliwonse amene akuperekedwa m'mbali mwa nyanja pazisiyidwa njira ya anthu ndi doko la asodzi, ndipo zilembedwe.

Pa msonkhano wa Loweruka likubwerali aliyense abwere ndi dzina la gogo mmodzi amene tingayambe kucheza naye. Amene muli ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Joni, tiuzeni zimene makolo anu anakuuzani, tiziphatikize.